Malita a mkaka asasowe: momwe ndimayendetsera ntchito zakuseri pa Android

Pulogalamu yoyamba imene ndinalemba kuti ikagwire ntchito kumudzi inali ya gulu la alimi a mkaka ku Thyolo. Ntchito yake inali yochepa. M'mamawa alimi amabwera ndi zigubu pa njinga, mlembi amayeza mkaka n'kulemba pa foni nambala ya mlimi ndi malita ake, foniyo n'kutumiza zonse ku seva kuti pakutha pa mwezi aliyense alandire ndalama zake. Pa tebulo langa ku Blantyre, foni ili pa chaja komanso pa Wi-Fi, zonse zinkayenda bwinobwino. Patatha milungu iwiri a msungichuma a gululo anandiimbira kuti malita a m'buku sakugwirizana ndi a pa kompyuta. Masiku ena anali atasowa, ndipo alimi ena anali atalembedwa kawiri pa tsiku limodzi. Mayi amene amadalira ng'ombe imodzi akasowa malita a masiku atatu, ndiye kuti fizi ya mwana yaperewera. Usiku umenewo sindinagone.

Cholakwa chinali changa. Mlembi akadina batani, pulogalamu inkatsegula thread, kanjira kapambali koyendetsera ntchito, n'kuyamba kutumiza pompo. Koma mlembi sakhala akuyang'ana foni mpaka uthenga ufike. Amaitseka, n'kuiponya m'thumba la ovolosi, n'kunyamula chigubu china. Netiweki ya pamalopo imabwera n'kupita. Pamene foni ikulimbana ndi kutumizako, Android imaona pulogalamu imene palibe akuigwiritsa ntchito n'kuipha, zolembazo n'kufera limodzi nayo. Nthawi zina seva inkalandira koma yankho losafika pa foni, mlembi n'kudinanso, malita n'kulowa kawiri.

Zimene ndinaphunzira pokonza vutoli ndi zimene ndikufuna ndikuuzeni, anzanga amene mukulemba mapulogalamu a pa foni. Ndikanena kuti ntchito zakuseri ndikutanthauza zonse zimene pulogalamu imayenera kuchita mwini foni asakuiyang'ana: kutumiza zolemba, kukweza zithunzi, kukoka mitengo yatsopano, kukumbutsa munthu nthawi.

Android imapheranji pulogalamu yanu

Batire ndi memory ndizo zifukwa zake, ndipo malamulo akhala akukhwima chaka ndi chaka. Mu 2015, Android 6.0 inabweretsa Doze. Foni ikakhala yosatchajidwa, sikirini yozima, itangokhala pamalo amodzi, imagona: imatseka intaneti ku mapulogalamu ndi kuimitsa ntchito zawo, n'kumadzuka kwa kanthawi kochepa kuti zonse zodikira zichitike nthawi imodzi. Kugonako kukatalika, mipata yodzukayo imatalikirananso. Android 7.0 inawonjezera kugona kopepuka kumene kumachitika ngakhale foni ikuyenda m'thumba. Mu 2017, Android 8.0 inathetsa chizolowezi chakale chosiya Service, gawo la pulogalamu logwira ntchito popanda sikirini, ikuyenda kuseri mpaka kalekale. Pakangopita mphindi zochepa pulogalamu itachoka pa sikirini, Service imeneyo imaimitsidwa. Android 9 mu 2018 inayamba kuika mapulogalamu m'magulu malinga ndi momwe munthu amawatsegulira, kuyambira active mpaka rare, ndipo amene satsegulidwa kawirikawiri amapatsidwa mpata wochepa wogwira ntchito.

Pamwamba pa izi, makampani opanga mafoni amawonjezera zawozawo zosungira batire. Pa mafoni ena, munthu akangokankha pulogalamu kuichotsa pa mndandanda wa zimene watsegula posachedwa, foni imaitseka kotheratu ngati wadina Force stop. Mafoni otsika mtengo amene alembi athu ambiri ali nawo amakhala ndi RAM yochepa, kotero kungotsegula kamera kapena WhatsApp n'kokwanira kuti pulogalamu yanu ichotsedwe mu memory. Muyambe kuganiza motere: pulogalamu yanga ikhoza kufa pa mzere uliwonse wa code, popanda chenjezo. Zonse zotsatirazi zikuchokera pa ganizo limeneli.

Yambani mwasiyanitsa ntchito

Si ntchito iliyonse imene ikufuna chida chachikulu. Funso langa loyamba limakhala lakuti, kodi munthu akatseka pulogalamu, ntchitoyi ikufunikabe kutha? Ngati mukungokoka mndandanda wa alimi kuti uoneke pa sikirini, ayi sikufunika. Gwiritsani ntchito coroutine, njira ya Kotlin yoyendetsera ntchito pambali, mu viewModelScope pa Dispatchers.IO, ndipo sikirini ikachoka ntchitoyo ifere pomwepo. Chachikulu n'chakuti isakhale pa main thread, imene imayendetsa sikirini, chifukwa pulogalamu ikakhala masekondi 5 osayankha kudina kwa munthu, Android imatulutsa uthenga uja wa ANR, wonena kuti pulogalamu sikuyankha. AsyncTask, chida chakale cha ntchito zoterezi, musaikumbenso, inasiyidwa kuyambira Android 11.

Ngati ntchito iyenera kutha ngakhale foni itazima n'kuyakanso, ndipo ikhoza kudikira pang'ono, imeneyo ndi ya WorkManager. Malita a mkaka ali m'gulu limeneli, ndipo ndi pamene ndikhalitsepo. Zotsalazo, monga kuimba nyimbo, kulondola ulendo pa mapu, kapena kuliza alamu pa mphindi yeniyeni, ndizikhudza kumapeto.

Lembani pansi musanatumize

Mlembi akadina batani, pulogalamu isakhudze intaneti. Ilembe kaye mu database ya pa foni. Ine ndimagwiritsa ntchito Room, imene imakhala pamwamba pa SQLite. Mzere uliwonse umakhala ndi nambala ya mlimi, malita, nthawi, ndi chizindikiro chosonyeza ngati watumizidwa kapena ukudikira. Zikangolembedwa, mlembi aone uthenga wakuti zasungidwa, apitirize ndi mlimi wotsatira. Kuyambira pamenepo foni ikhoza kufa batire kapena kugwera m'matope n'kuzima, malitawo ali pa disk.

Mzere uliwonse muupatsenso UUID, nambala yapadera yosafanana ndi ina iliyonse, yopangidwa pa foni pomwepo, nthawi imene ukulembedwa. Apa ndi pamene panali vuto la malita olowa kawiri, ndipo ndikupempha kuti musadumphepo. Pa netiweki yofooka zimachitika kawirikawiri kuti seva yalandira n'kusunga, koma yankho lake latayika panjira. Foni ilibe njira yodziwira ngati uthenga unafika, ndiye iyenera kutumizanso. Chofunika n'chakuti seva izindikire kuti ichi yachiona kale. Ikani unique constraint, lamulo loletsa kuti nambala imodzi ilowe kawiri, pa UUID imeneyo ku seva. Ngati muli pa PostgreSQL, ON CONFLICT DO NOTHING imakuchitirani ntchitoyi, ndipo seva iyankhe kuti zatheka ngakhale mzerewo unalipo kale. Mukatero foni ikhoza kutumiza mzere umodzi kakhumi, mlimi n'kulipidwa kamodzi. Popanda ichi, makonzedwe ena onse amene ndifotokoze amangochulukitsa malita abodza, chifukwa WorkManager ntchito yake ndi kubwereza.

Kanthu kena kakang'ono: wotchi ya foni musaikhulupirire kwambiri. Ndinapezapo foni imene deti lake linabwerera m'mbuyo batire itatheratu, malita a Lachiwiri n'kuoneka ngati a chaka china. Sungani nthawi ya foni ndi nthawi imene seva inalandira, zonse ziwiri.

Perekani ntchito kwa WorkManager

WorkManager ndi library ya Google imene inakhazikika mu 2019. Imalemba ntchito zanu mu database yakeyake n'kupempha JobScheduler ya Android kuti iziyendetse pa nthawi yoyenera. Ntchito yoperekedwa kwa iyo imakhalapobe pulogalamu ikaphedwa, ngakhale foni ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso.

Lembani Worker, class imene imagwira ntchito yeniyeniyo, yochokera ku CoroutineWorker. Mkati mwa doWork, werengani mizere yodikira mu Room, itumizeni m'magulu ang'onoang'ono, ndipo gulu lililonse likangolandiridwa, sinthani chizindikiro chake nthawi yomweyo musanapite ku lotsatira. Ine ndimatumiza mizere 50 pa ulendo umodzi. Chifukwa chake n'chakuti Worker amapatsidwa mphindi 10 zokha, ndipo akhoza kuimitsidwa isanakwane nthawiyo netiweki ikadula. Mukamadikira kuti zonse zithe kenako musinthe zizindikiro pamodzi, foni imene yakhala masiku anayi kumalo opanda netiweki iziyambiranso pachiyambi ulendo uliwonse, n'kumadya bandulo ya mlembi popanda chomaliza.

Zolembazo musazilongedze mu input Data ya Worker. Malire ake ndi 10 KB, ndipo mukapitirira pulogalamu imagwa. Worker aziwerenga yekha mu database. Ngati pali choti mumupatse, ikhale nambala yolozera basi.

Kenako ikani Constraints, zofunika kukwaniritsidwa ntchito isanayambe. Pa malita ndimaika NetworkType.CONNECTED yokha, chifukwa ndi manambala ochepa ndipo ndikufuna achoke msanga. Pa zithunzi, monga za malisiti, nkhani yake ndi ina. Malangizo ambiri amati dikirani UNMETERED, kutanthauza Wi-Fi, koma foni ya mlembi wa kumudzi ikhoza kutha chaka osaona Wi-Fi, zithunzizo n'kukhala zosakwera mpaka kalekale. Chimodzimodzi setRequiresCharging: kumene magetsi amazimazima, kapena kumene foni imatchajidwa pa grocery itazimitsidwa, lamulo limeneli likhoza osakwaniritsidwa kwa masiku. Ine ndimachepetsa chithunzi pa foni pomwepo, n'kuika CONNECTED ndi setRequiresBatteryNotLow, n'kusiya batani mu settings loti amene ali ndi Wi-Fi asankhe kudikira. Bandulo ndi ndalama ya munthu, ndiye muuzeni pasadakhale kuti pulogalamu izidya yochuluka bwanji.

Potumiza ntchitoyo gwiritsani ntchito enqueueUniqueWork ndi dzina limodzi lokhazikika. Mukapanda kutero, alimi 80 akabwera m'mawa umodzi mudzakhala ndi ma Worker 80 olimbirana mizere yomweyo. Apa pali msampha umene unandigwira. Ndinasankha ExistingWorkPolicy.KEEP, imene imanena kuti ngati ntchito ya dzina limenelo ilipo kale, yatsopanoyo itayidwe. Zinkachitika kuti Worker wawerenga kale mizere ndipo ali mkati motumiza, mlembi n'kulemba mlimi womaliza. Pempho latsopano linkatayidwa, Worker n'kumaliza zake, mzere womalizawo n'kugona pa foni mpaka mawa. Njira zake ndi ziwiri: Worker azibwerera kukawerenganso mpaka atapeza kuti palibe chodikira, kapena musankhe APPEND_OR_REPLACE kuti ntchito yatsopano iime pamzere kumbuyo kwa imene ikuyenda. Ine ndinatenga yoyambayo, n'kuwonjezera PeriodicWorkRequest ya maola 6 aliwonse yosesa chilichonse chimene chatsalira.

Za ntchito zobwerezabwerezazi, dziwani kuti mpata wochepetsetsa ndi mphindi 15, ndipo ngakhale pamenepo si lonjezo. Foni ikakhala mu Doze, ntchitoyo idzayenda foni ikadzuka. Bwana akakupemphani kuti pulogalamu izitumiza mphindi 5 zilizonse, mufotokozereni poyambirira kuti Android silola, musanavomere chinthu chimene simungakwanitse.

Zikakanika, ndiye mutani

Worker amabweza chimodzi mwa zitatu: success, retry kapena failure. Kusankha bwino pakati pa ziwiri zomalizazi ndi theka la ntchito. Netiweki ikadula, nthawi ikatha seva isanayankhe, kapena seva ikayankha 500 kapena 503, kusonyeza kuti vuto lili kwa iyo, bwezani retry. WorkManager idzadikira masekondi 30 poyamba, kenako n'kumatalikitsa nthawiyo kuwirikiza kawiri, mpaka malire a maola 5. Mukhoza kusintha ndi setBackoffCriteria koma simungatsike pansi pa masekondi 10. Ine sindisintha kawirikawiri.

Kuyamba kwa Worker sikutanthauza kuti seva ifikika. Kwathu kuno anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha. Pa sikirini pamaoneka 4G, mauthenga akulowa, koma njira yopita ku seva yanu ndi yotseka. Mlembi adzalumbira kuti intaneti ilipo, ndipo sakunama. Ikani timeout, malire a nthawi yodikira yankho, yomveka pa OkHttp kapena chilichonse chimene mukugwiritsa ntchito polankhula ndi seva, ndipo kulephera koteroko kukhale retry.

Seva ikayankha 400, kutanthauza kuti mzerewo uli ndi cholakwika, kubwereza sikuthandiza. Choopsa n'chakuti mzere umodzi woipa ukhoza kutsekereza yonse ili kumbuyo kwake. Upatseni chizindikiro chake chakuti wakanidwa, sungani chifukwa chimene seva yapereka, pitirizani ndi inayo, ndipo muuonetse kwa mlembi kuti aukonze. Ikayankha 401, kutanthauza kuti sikukuzindikirani, yesani kutenga token yatsopano, chiphaso cholowera ku seva. Zikakanika, imani n'kumuuza munthu kuti alowenso. Chonde, pomutulutsa munthu mu akaunti musafufute database muli mizere yosatumizidwa.

Ndipo mlembi aziona zimene zikuchitika. Pamwamba pa sikirini yoyamba ndinaika mawu ochepa: zodikira ndi zingati, ndipo zinatumizidwa komaliza liti. Nambalayo imachokera mu Room mwachindunji ngati Flow, ndiye imasintha yokha. Pambali pake pali batani lakuti "Tumizani tsopano". Chinthu chaching'onochi chinachepetsa mafoni amene ndinkalandira kuposa china chilichonse, chifukwa mlembi akaona 46 zikudikira amadziwa yekha kuti akwere pamtunda paja pamene netiweki imagwira. Batani limenelo limatumiza ntchito yomweyo koma ndi setExpedited, imene inabwera mu WorkManager 2.7, yopempha kuti iyambe mwamsanga. Pulogalamu iliyonse ili ndi mlingo wa ntchito zachangu zotere, kotero sankhani RUN_AS_NON_EXPEDITED_WORK_REQUEST kuti mlingowo ukatha ntchito isatayidwe.

Foreground service ndi alamu

Anzanga ena akatopa ndi kuphedwa kwa pulogalamu amathawira ku foreground service yosazima, ija yokhala ndi notification pamwamba usana ndi usiku. Ine sindigwirizana nazo. Imamaliza batire ya munthu amene mwina amalipira kuti atchaje, ndipo khomo lake likutsekeka. Kuyambira Android 12 simungayambitse foreground service pulogalamu ili kuseri, kupatula pa zifukwa zowerengeka. Android 13 imafuna kuti mupemphe chilolezo musanaonetse notification. Android 14, ya 2023, imafuna kuti mutchule mtundu wa service yanu mu manifest, ndipo Google Play imafunsa chifukwa chake. Pa Android 15, ya mtundu wa dataSync imaloledwa maola 6 okha pa maola 24. Isungireni ntchito imene munthu waiyambitsa yekha ndipo akuiyembekezera, monga kujambula mawu kapena kulondola galimoto yonyamula mkaka pa ulendo wake.

AlarmManager ndi ya zinthu zimene mphindi yake ndi yofunika, monga kukumbutsa munthu kumwa mankhwala. Alamu yeniyeni imafuna chilolezo cha SCHEDULE_EXACT_ALARM kuyambira Android 12, ndipo pa Android 14 mapulogalamu ambiri atsopano sapatsidwa mpaka mwini foni avomere. Kutumiza malita sikufuna zimenezi. Ngati ndi seva imene ili ndi nkhani yatsopano, monga kusintha kwa mtengo wa lita, foni isamafunse mobwerezabwereza. Tumizani uthenga wa Firebase Cloud Messaging, foni ikaulandira ipereke ntchito yokoka kwa WorkManager.

Amene mukulembera iPhone, maganizo ndi omwewa koma chingwe n'chachifupi. BGTaskScheduler inabwera ndi iOS 13 mu 2019. BGAppRefreshTask imakupatsani masekondi pafupifupi 30, pa nthawi imene iOS yasankha yokha, ndipo mafayilo akuluakulu amakwera ndi background URLSession. Amene mukulemba ndi Flutter, plugin ya workmanager imadutsa pa zida zomwezi, choncho malire onse ndatchulawa akukukhudzani.

Kuyesa

Foni yolumikizidwa ku laputopu ndi chingwe imakhala ikutchajidwa, ndipo foni yotchajidwa silowa mu Doze. N'chifukwa chake pa tebulo langa zonse zinkaoneka zabwino. Kudzera pa adb, chida cholamulira foni kuchokera pa laputopu, muinamize kuti yachoka pa chaja ndi `adb shell dumpsys battery unplug`, kenako muigoneke ndi `adb shell dumpsys deviceidle force-idle`. Onani ngati ntchito ikudikira, ndipo muidzutse ndi `adb shell dumpsys deviceidle unforce` kuti muone ngati ikupitiriza. Pofuna kuona pulogalamu yosatsegulidwa kawirikawiri, `adb shell am set-standby-bucket` ndi dzina la package yanu ndi mawu akuti rare. Mukamaliza musaiwale `adb shell dumpsys battery reset`. Mu Android Studio, pansi pa App Inspection, muli Background Task Inspector imene imaonetsa Worker aliyense, pamene wafika, ndi kuti wayesa kangati.

Mayeso amene ndimawakhulupirira kwambiri ndi a manja. Ndinagula foni yotsika mtengo yofanana ndi ya mlembi uja. Ndimalemba mizere 200 ili pa airplane mode, n'kuyatsa netiweki, n'kuidulanso ili mkati motumiza. Ndimaizimitsa pakati pa ntchito. Ndimakankha pulogalamu kuichotsa pa mndandanda, n'kuisiya foniyo mu dilowa usiku wonse. M'mawa ndimawerenga ku seva: ikhale 200, osati 199, osati 201. Ndimachitanso chimodzimodzi nditaika bandulo ya WhatsApp yokha.

Pa mafoni aja amene amatseka pulogalamu kotheratu, palibe code imene ingadzutse ntchito zanu mpaka munthu atatsegulanso pulogalamuyo. Akatsegula, WorkManager imazibwezeretsa yokha. Mukhoza kumutsogolera ku settings kuti achotse pulogalamu yanu pa mndandanda wa zosungira batire kapena alole autostart, koma malo a batani limenelo amasiyana foni ndi foni, ndipo Google Play ili ndi malamulo okhwima pa kupempha chilolezochi mwachindunji. Ku Thyolo tinachita zophweka. Ndinapita ndekha, ndinakonza settings pa foni iliyonse mlembi akuona, ndipo tinagwirizana kuti akamaliza kuyeza azitsegula pulogalamu n'kudikira nambala ya zodikira ifike pa 0 asanatseke chitseko. Buku la pepala tinalisunga kwa mwezi wina wathunthu, ndipo Loweruka lililonse ine ndi a msungichuma tinkaimbirana foni n'kufananiza malita a mlimi aliyense, mzere ndi mzere.